Pulogalamu Yonyozeka ya Pamwamba pa Phiri

Ntchito yanga yoyamba ya zamakompyuta ndinaimvera kukwaya. Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi azakhali anga ku Zakazaka, mu Zomba, ndipo masana onse ndinkathera m'kakontena kotentha pafupi ndi msika, kugulitsa mayunitsi. Mnzanga wina wa mawu achiwiri, amene ankalemba makalata pa ofesi ina m'tauni, anandinong'oneza nyimbo ili mkati kuti kakampani ka pamwamba pa ofesi yawo kakufuna munthu wolemba mapulogalamu. Anati, "Iwe si umangokhalira kubaya makompyuta kwa a Likoswe? Pita ukayese." Vesi yotsatira ndinaiphonya poyambira.

A Likoswe anali bambo wachikulire wa shopu ya mafotokope, amene ankaphunzitsa aliyense wofuna pa makompyuta awo awiri akale makasitomala akachepa. Anandiyambitsa pa Scratch. Imeneyi ndi pulogalamu ya ongoyamba kumene, imene sulemba mawu koma umakoka timabuloko ta mitundumitundu n'kutilumikiza ngati njerwa, kamphaka n'kumayenda pa sikirini monga wakauzira. Kenako anandionetsa Access yosungira mayina ndi manambala. Pomaliza anandipatsa PHP, chilankhulo cholembera mawebusayiti, ndipo ndinaikonda zedi, chifukwa ukalemba mizere ingapo n'kutsegula burawuza yoonera mawebusayiti, chimene walemba chija chimakuyang'ana pomwepo. Kuyunivesite sindinapiteko. Ndinkangodziwa kuti ndimatha kupanga zinthu zogwira ntchito, ndipo ndinkaganiza kuti zimenezo ndiye zofunika.

Mwini wake wa kampani ankakhala ku Blantyre, ku Zomba ankangobwera mwa apo ndi apo. Ndi amene anandifunsa mafunso, naona kawebusayiti kamene ndinapangira kwaya yathu, n'kundiuza kuti ndiyambe Lolemba. Anati andiyesa miyezi itatu, ndipo pamapeto pake wonena kuti nditsale kapena ndichoke adzakhala mkulu wa olemba mapulogalamu, a Maganga. Azakhali atamva anafika nayo nkhaniyi mpaka kumvano. Sabata isanathe, Zakazaka yense ankadziwa kuti mwana wa mchimwene wawo ndi injiniya.

Tsiku loyamba, nthawi ya tiyi, anyamata onse anatembenuza mipando kuyang'ana ine. Analipo asanu, onse a madigiri. A Maganga anali munthu wowonda, wa ndevu zometa bwino, wolankhula motsitsa kwambiri moti unkayenera kusiya kupuma kuti uwamve.

"Achemwali, pano tili ndi mwambo umodzi basi," anatero. "Mlendo aliyense timamufunsa. Munayambira chiyani?"

"Ndinayambira Scratch," ndinayankha, ndipo ndikukumbukira kuti ndinayankha monyadira. "Kenako Access, kenako PHP."

Kenako mnyamata wina wotchedwa Dalitso anaphulika kuseka mpaka tiyi kumutsamwa, enawo n'kumutsatira. A Maganga sanaseke, ndipo ndikanakonda akanaseka. Anangoika kapu pansi n'kunena kuti, "Ndiye mwatibweretsera kamphaka eti. Pano timalemba Java. PHP ndi ya ana osewera pa intaneti." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Tiyamike linafera pakhomo. Ndinakhala a Mabuloko. Pambuyo pake ndinamva kuti yankho loyenera pa mwambowo linali chilankhulo chotchedwa C, ndipo aliyense m'chipindamo anayankha choncho pa tsiku lake, kaya zinali zoona kaya ayi.

Ofesi ija inali ndi makwerero ake osalembedwa paliponse. Pamwamba panali olemba pa Linux, pa sikirini yakuda yopanda chithunzi chilichonse, manja osachoka pa kiyibodi. Pansi panali ife ogwira mawusi. Tsiku lachiwiri a Maganga anadutsa pa desiki yanga, nazula mawusi yanga, naiponya mu dirowa yawo. Anati wogwira mawusi ndi kalaliki. Ndinatha m'mawa wonse ndisakudziwa potulukira mu Vim, pulogalamu yawo yolembera khodi, mizere ya malamulo imene kompyuta imatsata, ndipo sindinafunse. Ndinadikira kuti onse apite kukadya kenako ndinazimitsa kompyuta ndi batani.

Chimodzi chokha chimene ndinachisirira pa ofesi ija chinali Git. Ndi nkhokwe ya khodi. Ukasintha kanthu umakasungamo, ndipo ukaononga mawa umangobwerera pa zimene zinalipo dzulo, osalira. Ntchito iliyonse ya kampani inkalowa m'menemo. Dalitso anandionetsa kagwiritsidwe kake mwachangu tsiku lina a Maganga atatuluka, akuyang'anayang'ana kuchitseko ngati akundigulitsa katundu wakuba.

Koma chimene chinkandidwalitsa chinali Lachisanu. Tikadya nkhomaliro ankatseka makatani, n'kuyatsa pulojekita, khodi ya munthu mmodzi n'kuonekera pakhoma zilembo zikuluzikulu. Mwini khodiyo ankaimirira pambali pa khomalo. A Maganga ankatsitsa mizere pang'onopang'ono mpaka kuima pa mzere wina. Kenako ankati, "Werengani mokweza." Sanakalipirepo munthu. Chitonzo chawo chachikulu, chimene anyamata ankachiopa kuposa kutukwanidwa, chinali choti, "Izi zikununkha PHP." Mawu amenewa akanenedwa kwa wina, maso onse ankabwera kwa ine, ngakhale ndinali nditangokhala kumbuyo osalakwa kanthu. Tsiku langa litafika, ndinaimirira pamenepo, Java yanga ya milungu yochepa ili pambalambanda. A Maganga anaima pa mzere wina nati, "A Mabuloko, apa mwaiwala kukoka kabuloko kotsekera." Ndinaseka nawo limodzi.

Ndinayamba kuopa chilichonse. Lachinayi madzulo chakudya sichinkatsika. M'mawa ndikamatsika ku Zakazaka wapansi ndinkapemphera kuti magetsi azime tsiku lonse. Ndinasiyiratu kufunsa. Akuti safunsa anadya phula, ndipo ndi zoona, koma pa ofesi ija wofunsa ankamudya wamoyo, ndiye ndinasankha phula. Chimene ndinkaopa kwenikweni chinali kubwerera m'kakontena kaja, anthu amene anandiyamikira kutchalitchi n'kumabwera kudzagula mayunitsi kwa injiniya. Azakhali akandifunsa za kuntchito ndinkangoti zikuyenda.

Kampaniyo inali ndi kasitomala mmodzi wakalekale, loji ina pamwamba pa phiri. Pulogalamu yawo yolandirira alendo ndi kugawa zipinda inali ya PHP. Sinkakhala pa intaneti, chifukwa netiweki kumeneko ndi ya mwayi. Inkayendera pa kompyuta imodzi ya pa resepishoni, mkati mwa XAMPP, kapulogalamu kamene kamasandutsa kompyuta wamba kukhala seva yoyendetsa mapulogalamu otere. A kuloji akaimba foni, anyamata ankakanirana ngati auzidwa kukatapa chimbudzi. Nthawi yanga yoyesedwa itatsala pang'ono kutha, anaimba kuti amanga zipinda zatsopano koma sizikuoneka pa tsamba logawira alendo. A Maganga sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "A Mabuloko, abale anu akukuitanani kuphiri."

Ndinalimba mtima n'kufunsa funso limodzi, loyamba pa milungu yambiri. Ndinafunsa kuti khodi ya kulojiyo ili pati mu Git kuti ndiiwerengeretu.

"Mu Git mumalowa ntchito," anayankha. "Zinyalala zili komweko kuphiri."

Anyamata anaseka. Ine ndinaziona ngati nthabwala zawo zija, ndipo ndinaganiza kuti kope ina iyenera kukhalapo penapake, chifukwa kampani yosamala choncho singasiye pulogalamu ya kasitomala pa kompyuta imodzi. Kufunsanso kachiwiri sindikanatha. Komanso, kunena zoona, mumtima ndinakondwa. PHP ndiye inali kwathu. Ndinadziuza kuti ndikakakonza izi mwaukhondo, mwina adzaona kuti ndili ndi pogwira.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto m'mawa wa tsiku lotsatira. Inali nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Tinkakhota m'makona aja nyali ili chiyakire, kumangodzidzimuka ndi amayi osenza nkhuni akutuluka m'chifunga pafupi penipeni ndi ife. Ogulitsa masitiroberi anali atadzipinda m'majekete m'mbali mwa msewu, osatiitana n'komwe. Ndinafika zala zitauma.

Woyang'anira loji anali Mayi Chikopa, mayi wathupi, wa magalasi olendewera pa chingwe, wovala juzi pamwamba pa yunifolomu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera nokha, mwanawe?"

"Eya, mayi. Ndi kanthu kakang'ono."

"Kakhale kakang'ono ndithu. Masana ano tikulandira akuluakulu a boma ochokera ku Lilongwe, msonkhano wa sabata yonse. Mayina awo onse ali m'menemo, ndani agona kuti, ndani sadya nyama, ndani akufuna chipinda chapansi chifukwa cha miyendo. Ine pamutu sindinasunge kalikonse."

Ndinakhala pa mpando wa pa resepishoni, n'kugwira mawusi koyamba pa miyezi yoposa iwiri, ndipo dzanja langa linasangalala. Ndinatsegula foda ya pulogalamuyo. Pafupifupi ntchito yonse inali mu fayilo imodzi yaitali, imene inkatenga alendo ndi zipinda mu detabesi, mosungira mayina ndi manambala, n'kuzijambula pa tsamba. Ndinaitsegula ndi Notepad++. Vuto ndinalipeza msanga. Amene analemba anaika nambala ya zipinda zakale mu mzere umodzi, ndiye pulogalamu ikawerenga kufika pamenepo inkaima, zatsopanozo osazifikira. Kunali kungosintha mzere umenewo basi. Kukopera kaye fayiloyo pa fulashi sikunandibwerere m'mutu. Ndinasintha, n'kudina batani losunga.

Nthawi yomweyo magetsi anathima.

Pansi pa tebulo panali UPS, kabokosi koyenera kugwiriziza kompyuta magetsi akazima, koma batire lake linafa kalekale. Sikirini inangoti bii. Mayi Chikopa anaitana mlonda kuti ayatse jenereta, osadandaula, poti kwa iwo zinali za tsiku ndi tsiku. Kompyuta itadzuka ndinatsegula burawuza. Tsamba linabwera loyera mbee, lopanda ngakhale chilembo chimodzi. Ndinatsegula fayilo ija. M'malo mwa khodi munali timabokosi takuda tolembedwa NUL, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Magetsi anazima kompyuta itafufuta zakale koma isanalembe zatsopano.

Ndinatseka fayiloyo n'kuitsegulanso, kenako n'kuitsegulanso, ngati kuti ichita manyazi n'kubwerera. Ndinafufuza foda iliyonse, ndinayang'ana m'bini, ndinayang'ana ngati Notepad++ inasunga kope yake. Palibe anali atayatsapo zimenezo. Ndinatsegula phpMyAdmin kuti ndione detabesi yeniyeniyo, ndipo mtima unatsikako pang'ono poona kuti alendo onse alimo. Koma mayina anali pa tebulo lina, zipinda pa lina, zakudya pa lina, zonse zolumikizidwa ndi manambala, ndipo masiku analembedwa ngati nambala zazitali zimene sindinkadziwa kuzimasulira. Chimene chinkadziwa kulumikiza zonsezi chinali fayilo ija. Nditapatsidwa sabata ndikanailembanso. Ndinali ndi maola ochepa basi.

"Zatheka?" anafunsa Mayi Chikopa ali kumbuyo kwanga.

"Pang'ono, mayi."

Anavala magalasi n'kuyang'ana tsamba loyera lija nthawi yaitali. Sanakweze mawu. Anangoti, "Mwanawe, anthu amenewa anyamuka kale. Ngati zakukanikani, itanani akuluakulu anu panopa, osati galimoto zili pageti."

Netiweki pa loji ija inkagwira malo amodzi, kumapeto kwa kapinga pansi pa mtengo wa paini. Ndinapita kumeneko. Chifunga chinali chitakhuthala moti nyumba imene ndinatulukamo sinkaonekanso. Ndinaima ndi foni m'manja, dzina la a Maganga lili pa sikirini, chala chikukana kudina. Ndinkaona kale khoma la Lachisanu, timabokosi takuda tija titadzaza pamenepo, ine nditaima pambali, iwo akuti werengani mokweza. Ndinaganiza zoimbira Dalitso, koma Dalitso PHP sankaidziwa ndipo akanakanena basi. Ndinaganizanso zongotsika phiri wapansi osatsanzika, n'kukazimitsa foni. Maganizo amenewa ndinakhala nawo nthawi ndithu, madzi a m'masamba akundidonthera m'khosi. Chinandibweza ndi nkhope ya Mayi Chikopa, amene akanaima pageti kulandira akuluakulu a boma opanda chowauza.

Ndinadina, ndipo a Maganga anayankha msanga. Ndinafotokoza zimene zachitika. Ndinapempha kuti anditumizire kope ya fayiloyo.

"Ndinakuuzani kuti kulibe kope," anatero.

Ndinkamva makiyibodi a anyamata kumbuyo kwawo. Kenako anafunsa motsitsa kuposa masiku onse, "Detabesi ili moyo?"

"Ili moyo, bwana."

"Musagwire kalikonse."

Anadula. Sananene ngati akubwera kapena ayi. Ndinabwerera pa resepishoni n'kukhala manja ali pamiyendo ngati wodikira chigamulo kukhoti. Mayi Chikopa anandibweretsera tiyi, ndipo anazizira ndisanamugwire. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, mtima unkalumpha, osadziwa kuti ndiope ziti, za ku Lilongwe kapena ya a Maganga.

Inayamba kufika ya a Maganga. Analowa jekete itanyowa m'mapewa, osandiyang'ana. Mayi Chikopa anatuluka mu ofesi yawo, naima, natsitsa magalasi.

"Aa, koma si a Maganga awa? Mwakula chonchi? Ndiye munatitaya ndithu, achimwene." Anatembenukira kwa ine akumwetulira koyamba tsiku limenelo. "Mwanawe, mtima pansi tsopano. Mwini wake wafika. Awa ndi amene anatipangira chinthuchi ali pasukulu, ankabwera ndi kachikwama kong'ambika, kugona m'stolo umu sabata yathunthu. Tinkawapatsa mbatata yootcha."

Ndinayang'ana pansi msangamsanga, koma ndinali nditaona kale nkhope ya a Maganga. Makutu awo okha ndi amene anasuntha. Anapereka moni kwa mayiwo mwaulemu, mwachidule, n'kundiuza ndi dzanja kuti ndichoke pa mpando.

Zimene ndinaona kenako sindidzaziiwala. Anagwira mawusi ija bwinobwino ngati munthu woizolowera, natsegula fayilo yatsopano mu Notepad++ yomweyo, nayamba kulemba PHP. Sanatsegule phpMyAdmin kuti aone mayina a matebulo. Ankawadziwa pamtima. Sanafufuze kalikonse pa foni. Zala zinkangoyenda, mizere ikutsika, ndipo nkhope yawo inamasuka mwa mtundu umene sindinauonepo ku ofesi. Pena ankang'ung'udza kanyimbo osadziwa. Atafika pa masiku aja analemba kamzere kamodzi, nambala zazitali zija n'kusanduka masiku a pa kalendala. Ine ndinaima kumbuyo kwawo osapuma bwino. Kamodzi kokha analankhula nane, osatembenuka. Anati, "Zipinda musamazilembe nambala m'khodi. Muziziwerenga mu detabesi. Amene analemba poyamba anali mwana."

Tsamba linabwerera alendo asanafike, zipinda zatsopano zili pomwepo. Mayi Chikopa anawagwira dzanja ndi manja awiri, nawapatsa jumbo ya mapichesi, n'kuwauza kuti asamasowe chonchi. Tikutuluka pageti tinapatukira minibasi yoyamba ya akuluakulu aja.

A Maganga ananditenga pa galimoto yawo. Tinatsika phiri, mawaipa akupukuta chifunga. Ndinkafuna kuthokoza, ndinkafuna kupepesa, ndinkafunanso kuwauza kuti sindinaonepo munthu akulemba choncho, koma ndinangoyang'ana msewu. Titayamba kuona madenga a m'tauni anatsokomola.

"Zimene anena mayi aja ndi zakale. Kuofesi sizikufunika."

"Ndamva, bwana."

"Mwamva eti."

"Ndamva."

Usiku umenewo ndinadziuza kuti mwina zandikomera. Ndinaganiza kuti munthu amene wamusungira chinsinsi amakusunganso. Apa ndiye ndinaphonya kwambiri, chifukwa ndinali ndisanadziwe kuti munthu wamanyazi sakonda kuonana tsiku ndi tsiku ndi amene anamuona.

Lachisanu makatani atatsekedwa, Dalitso anafunsa kuti kuphiri kunachitika zotani kuti bwana achite kuthamangirako. Ndisanatsegule pakamwa a Maganga anayankha okha. Anati, "A Mabuloko anagwetsa mabuloko awo. Ndinangopita kukawatola m'chifunga." Anyamata anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anafunsa ngati anasamba m'manja atabwerako, iwo n'kuyankha kuti ndi sopo. Ndinali ndi mawu pakamwa oti ndikanawanena chipinda chonse chikanazizira. Sindinawanene. Ena angati ndinachita ulemu, koma anali mantha basi.

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso a Mabuloko, ndipo sanandiimikenso pakhoma. Sankandiyang'ana n'komwe. Akafuna kundipatsa ntchito ankatuma Dalitso. Ndikalowa m'khitchini iwo ali momwemo, ankatuluka tiyi asanathire shuga. Poyamba ndinkaopa kunyozedwa, koma kusiyidwa kumeneku kunandiopsa koposa, chifukwa ndinkadziwa kumene kukulowera. Ndinkafika m'mawa kwambiri, ndinkalemba Java mpaka maso kuwawa, ndinaphunzira Vim mpaka kuiwala kuti mawusi yanga ili mu dirowa ya munthu. Palibe anaziona.

Tsiku lomaliza la miyezi itatu ija anandiitanira m'kachipinda ka misonkhano. Ankayang'ana pa zenera.

"A Tiyamike, simunafike pamene tikufuna," anatero. Kanali koyamba kutchula dzina langa. "Mwina mukaphunzire kaye chilankhulo chenicheni, kenako mudzayesenso."

Chinthu chimene ndinkachiopa miyezi yonseyo chinali chitachitika, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikupumabe. Mwina n'chifukwa chake ndinatha kufunsa osanjenjemera.

"Nanga kuloji kuzipita ndani?"

"Tawauza apeze ena. Ife zimenezo tasiya."

Sindinganene motsimikiza kuti anandichotsa chifukwa cha zimene ndinamva pa resepishoni paja. Java yanga inalidi yosakhwima, ndipo fayilo inafera m'manja mwanga. Koma ine ndi pulogalamu ija tinachotsedwa sabata imodzi, ndipo zimenezo ndimaziganizirabe.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Zakazaka, pang'onopang'ono, kukonza mawu. Azakhali anali akuchapa pakhonde. Nditawauza anasiya kuchapa, thovu lili m'manja, nafunsa kuti ndalakwa chiyani. Ndinati sindikudziwa bwinobwino, kenako ndinalira ngati mwana. Lolemba ndinabwerera m'kakontena. Anthu a kutchalitchi anabweradi kudzagula mayunitsi, ndipo ena anafunsadi za uinjiniya uja. Zinawawa monga ndinkayembekezera, sindinama.

Patapita milungu ingapo Mayi Chikopa anaimba pa nambala imene ndinawasiyira. Anati kampani yathu yawataya, ndipo pulinta yasiya kutulutsa malisiti. Ndinawakumbutsa kuti ndine yemwe uja ndinawaonongera zinthu. Anati, "Ndikudziwa. Koma simunathawe. Kwerani kabaza." Nditafika, ndisanagwire china chilichonse, ndinakopera foda yonse pa mafulashi awiri, ndinaiika mu Git, ndipo ndinakana kukhala pa mpando mpaka atatuma munthu kukagula batire la UPS. Umu ndi mmene ndimagwirira mpaka lero, kaya ndi kuloji, kaya ndi kusukulu za ku Sadzi ndi mashopu a m'tauni amene ndimawasamalira mapulogalamu. Chilichonse chimene munthu akudalira pa ntchito yake chimalowa m'nkhokwe, chilembedwe mu Java, mu PHP kapena mu Access. Chinthu chikanyozedwa palibe amachisunga, palibe amachiphunzitsa, ndipo wochigwira amaopa kufunsa, tsono tsiku loti chigwe chimagwera munthu ngati Mayi Chikopa, amene sadziwa n'komwe kuti zilankhulo zili ndi maudindo. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Wongoyamba kumene akandifunsa funso, ndimayankha funsolo, ndipo ngati pali choseketsa ndimadikira kuti tidzaseke limodzi iye atadziwa.

Tsiku lomwelo, pulinta itayamba kugwira, ndinatsala pa resepishoni n'kutsegula fayilo imene a Maganga analemba ija. Ndinali ndisanaiwerenge modekha. Ndinaiwerenga yonse, kenako ndinayambiranso. Chilichonse chinali pamalo pake. Mayina anali omveka, njira iliyonse imene munthu wa pa resepishoni angalakwitsire inali yotsekedwa mwaulemu, ndipo pamalo ovuta anasiya timawu tofotokozera wobwera pambuyo, ngakhale ankalemba alendo ali m'njira. Zimene ndinaphunzira mu fayilo imeneyo zinaposa za miyezi itatu ya pakhoma, ndipo zambiri zimene ndimadyera lero ndinazitenga m'menemo.

A Maganga ndimakumana nawo nthawi zina kubanki kapena pa depoti ya maminibasi a ku Blantyre. Timapatsana moni wa anthu odziwana patali. Kangapo ndafuna kuwaimitsa n'kuwauza kuti sindinawerengepo PHP yokongola ngati yawo, kuti ikugwirabe ntchito, kuti Mayi Chikopa amawafunsabe. Koma ndikangoyandikira amayamba kuyang'ana pa foni, ndipo ndimawaona kuti akuopa. Ndimangowasiya adutse.